Kuwonda Komwe Kunabweretsa Amayi ku Ndirande

Ine ndinali munthu wathupi, ndipo sindinkachita nalo manyazi. Ku Ndirande zaka zimenezo, chapakati pa m'ma 2000, thupi linali ulemu. Ndikamatsika kuchokera kwathu ku Malabada kupita kumsika, amayi a pampopi ankati, "Koma inu ndiye banja lakuyanjani," ine mtima uli myaa. Amuna anga, omwe ankawotcherera zitsulo ku Chirimba, ankandiyang'ana ngati nyumba yomwe amanga okha. Ondinyoza anali makondakitala basi. Ndikakhala m'minibasi pampando wa anthu anayi, wachinayiyo ankakhalira thako limodzi, kondakitala n'kumati, "Mayi, pamenepa tiwerenge awiri kapena?" Ndinkamuuza kuti ayambe wanenepa kaye ndiye adzalankhule ndi akuluakulu.

Ntchito yanga inali yosoka. Makina anga ankakhala pakhonde la sitolo ina mumsika, ndipo munthu wosoka amakhala pansi tsiku lonse, chakudya chimamupeza pomwepo. M'mawa tiyi wamkaka wothira shuga mosawerenga, ndi mandasi otentha a mayi wina yemwe ankagulitsa pafupi nane. Dzuwa likakwera, zigege. Masana tchipisi cha pachiwaya, ndipo poti wokazingayo ankandidziwa, ankandithirira mafuta ena pamwamba. Chotsitsira chake botolo la chozizira, ndipo kasitomala akakondwa ndi diresi lake ankandigulira lina. Madzi ndinkamwa pomezera mankhwala basi. Madzulo kunyumba nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zosambira m'mafuta, chifukwa mkazi wa m'tauni wophika ndiwo zouma ankasekedwa. Za kumsikazo sindinkaziwerengera kuti n'kudya. Ndinkati ndikungotafuna kuti ndisawodzere.

Kenako mutu unayamba kundiwawa chakumbuyo kuno, mapazi n'kumatupa moti pofika madzulo nsapato inkakana. Tsiku lina ndikupalasa makina, m'maso munada bii, singano n'kundilasa chala. Kuchipatala ndinapeza namwino wina wachikulire, wosaseka ndi munthu. Anandimanga chija choyezera pamkono, n'kuyezanso, n'kundikweza pasikelo, n'kunditenga magazi.

"Mayi, BP yanu yakwera kwambiri, ndipo shuga ali pakhomo," anatero. "Mankhwala ndikupatsani, koma paokha sangalimbane ndi zomwe mukudyazi. Muli ndi ana?"

Ndinati ndili nawo, aang'onoang'ono.

"Ndiye mukufuna azidzakutembenuzani pamphasa mutafa ziwalo?"

Ndinatuluka nditapsa mtima. Njira yonse ndinkamutukwana chamumtima, kuti kamkazi kouma ngati kameneka kangandiuze chiyani ine. Koma pafupi ndi kwathu panali bambo wina yemwe ankangokhala pakhonde, pakamwa patapotoka, malovu akudontha, mwana wake wamkazi atasiya sukulu kuti aziwadyetsa. Tsiku limenelo ndinawayang'anitsitsa podutsa, ndipo ndinachita mantha.

Kuyamba kwake kunali kowawa, ndisaname. Tiyi wochepa shuga ankakoma ngati madzi otsukira mbale. Sindinasiye kamodzin'kamodzi, ndinkangochepetsa pang'onopang'ono mpaka lilime linagonja. Pansi pa makina ndinaika chigubu cha madzi, ndipo kasitomala akafuna kundigulira chozizira ndinkati andigulire nthochi kapena papaya. M'malo mwa mandasi ndinkanyamula mbatata yophika kapena chinangwa m'kabakuli. Mayi wa mandasi uja anandinyanyalira, ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Fungo la pachiwaya ndiye linali satana weniweni. Mphepo ikalibweretsa pakhonde ndinkaluma mano n'kupalasa makina mwaukali, makasitomala n'kumadabwa kuti wandiputa ndani.

Kunyumba ndinayamba kugayitsa mgaiwa. Ana anati ndi nsima ya kundende, ndipo bambo awo anandifunsa ngati tasauka iwo osadziwa. Ndinawauza kuti wofuna yoyera aphike yekha, mphika uwo, mthiko uwo. Palibe anaphika. Mafuta ndinkayeza ndi supuni m'malo mokhuthula, mchere pang'ono chabe. M'mbale mwanga masamba anachuluka, nsima n'kuchepa: bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, therere, nyemba, nandolo, usipa wophika ndi tomato osati wokazinga. Zinali zakudya zomwezo zimene ndinakulira kwathu ku Nsanje, zomwe nditafika m'tauni ndinkazithawa kuti n'zaumphawi.

Patapita miyezi, thupi linayamba kutsika. Mutu unaleka, nsapato inalowa, tulo tinabwera tokoma. Namwino wosaseka uja anamwetulira atandiyeza, ndipo ndinaona kuti ali ndi mpata pakati pa mano. Ndinayamba kubweza madiresi anga limodzilimodzi pamakina anga omwe, ndikuimba nyimbo za kwaya. Ndinali wokondwa, ndipo chikondwererocho chinandiiwalitsa kuti tikukhala m'nthawi yanji.

Zaka zimenezo maliro sankatha ku Ndirande. Loweruka silinkadutsa osakhala pasiwa, ndipo tonse tinkadziwa momwe zimayambira. Munthu ankawonda, lamba n'kubooledwa bowo lina, kenako chifuwa, kenako mphasa. Dzina la matendawo sitinkalitchula, tinkangoti matenda a masiku anowa. Munthu wowonda dala kunalibe. Ukawonda, ndiye kuti watenga, nkhani yathera pompo.

Pampopi ndikafika nkhani inkaduka. Ku limana, kagulu kathu ka akhristu oyandikana nyumba, tsiku lina mtsogoleri anati, "Tipempherere mlongo wathu yemwe sakupeza bwino m'thupi." Ine ndinatsinzina n'kupemphera nawo ndi mtima wonse, ndikudzifunsa kuti akudwala ndani. Potsegula maso ndinapeza onse akundiyang'ana ine. Ndinaimirira n'kuwauza kuti ndikuwonda dala chifukwa cha BP, ndipo onse anagwedeza mitu mwachifundo. Pomwa thobwa anandipatsa kapu yangayanga.

Amuna anga nawo anzawo a kuntchito anawapanikiza ndi maso. Tsiku lina anati, "Mayi, bwanji mungonenepako pang'ono, anthuwa atseke pakamwa?"

"Anthu anuwo adzabwera kudzandipukuta ndikadzafa ziwalo?" ndinawafunsa.

Tinali titayezetsa magazi tonse awiri ndipo tinkadziwa kuti tilibe kachilombo. Komanso nthawi imeneyo mankhwala otalikitsa moyo anali atayamba kufika, ndipo anzathu ena omwe ankamwa anali onenepa kuposa ine, athanzi, akugwira ntchito zawo bwinobwino. Koma anthu ankayezabe munthu ndi maso. Zonena zawo sizinandivute kwenikweni, pakamwa ndili napo panga. Chomwe chinandivuta n'chakuti wina wa ku limana anapita kumaliro ku Nsanje, n'kukawauza amayi anga kuti ndawonda.

Kwa amayi tinabadwa akazi awiri. Mkulu wanga anamwalira zaka zingapo izi zisanachitike, ndi matenda omwewo. Anadwalira ku Bangwe, zitavuta anamutengera kumudzi, ndipo amayi ndi omwe anamusamala mpaka tsiku lomaliza. Pamaliro ake sanalire. Anthu anati ndi olimba mtima. Kuyambira pamenepo, ndikapita kumudzi ankayamba kundigwiragwira mikono asanandipatse moni, ndipo akapeza mnofu ankaseka.

Mvula yoyamba itangogwa, ndinabwera kuchokera kumsika n'kuwapeza pakhonde panga. Pambali pawo panali dengu la nsomba zouma za mu Shire, nsinjiro, ndi nkhuku yomanga miyendo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anandigwira padzanja apa, chala chawo chachikulu n'kukumana ndi chinzake.

"Iwe, bwanji sunanditumizire uthenga?"

Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, za BP, za shuga, za namwino, za bambo wopotoka pakamwa. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndamva," anatero. Anadzuka n'kukapha nkhuku.

Kuyambira tsiku limenelo khitchini sinalinso yanga. Mgaiwa anaukankhira kukona n'kutuma ana kukagula ufa woyera. M'mawa phala la nsinjiro lothira majarini ndi shuga, tiyi wamkaka wokoma ngati uchi. Nsomba zokazinga, nkhuku yokazinga, ngakhale nkhwani ankaukazinga. Ana anga anasangalala ngati ndi Khirisimasi. Amayi ankakhala moyang'anana nane n'kumaperekeza ndi maso mbamu iliyonse mpaka ifike pakamwa. Ndikapesa ankatenga chipeso n'kuona ngati tsitsi likuthothoka. Tsiku lina madzi ananditsamwa ndikumwa, ndinangokhosomola pang'ono, iwo mbale inawapulumuka m'manja.

Masiku oyamba ndinadya. Mayi wako wokubereka wayenda ulendo wonsewo ndi nkhuku pamiyendo, ungamukanire bwanji? Koma pasanapite nthawi mutu uja unabwerera pamalo pake, nsapato n'kuyambanso kuthina. M'mawa wina atandiikira tiyi ndinalawa, n'kukankhira kapu kutali.

"Amayi, uyu sindimwa. Mukundipha ndi chikondi chanuchi."

"Imwa, mwana wanga."

"Ndati sindimwa. Ndakuuzani kuti sindikudwala zimene mukuganizazo. Kodi ndiyankhule Chisena kuti mumve?"

Ndinali nditakweza mawu, ana anatuluka panja. Amayi anatenga kapu ija n'kuigwira ndi manja awiri.

"Mkulu wako nayenso anayamba ndi kukana chakudya," anatero motsitsa. "Nayenso ankati sakudwala. Ankati ndi malungo."

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Ndinamva chisoni chomwe sindinachimvepo, chifukwa ndinaona kuti sakuyankhula ndi ine ndekha.

Ndinawatenga kupita nawo kuchipatala kuti akamve okha. Namwino uja anawalandira mwaulemu, n'kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti mwana wawo ali bwino, magazi ake alibe kachilombo, ndipo kuwondaku ndi komwe kukumupulumutsa. Amayi anawomba m'manja n'kuthokoza. Titangotuluka pageti anati, "Awa amabisa, ndi ntchito yawo. Kwa mkulu wakonso ankandiuza kuti ndisadandaule."

Kumudzi anthu anali atayamba kubzala. Uthenga unabwera kuti munda wawo wamera udzu, mapira sanafesedwe. Ndinawachonderera kuti apite, anakana.

"Pano sindichoka mpaka ndione thupi lako litabwerera. Likapanda kubwerera, ndikuika m'manda ndi manja angawa, ndiye ndizipita."

Tinakhala choncho, miphika iwiri m'nyumba imodzi. Iwo ankaphika zawo zamafuta n'kundiikira, ine n'kupatsa ana, n'kudya masamba anga. Samakalipa. Ankangochotsa mbale n'kukakhala pakhonde ndi korona m'manja. Kenako ndinazindikira kuti iwonso asiya kudya. Ankatsina nsima kawiri n'kusamba m'manja. Chitenje chinayamba kuwazungulira kwambiri, masaya analowa. M'nyumba mwanga munalidi munthu yemwe ankatha, koma sanali ine.

Apa ndiye ndinasowa pogwira. Ndikadya zawo, ndibwerere komwe ndachoka, ana anga adzanditembenuze pamphasa. Ndikakana, amayi andifere pakhonde ndi mantha. Masana ena ndinadzuka pamakina n'kupita mpaka pachiwaya, ndikuti basi ndinenepe, zichitike zochitika. Wokazinga uja atandiona anayamba kale kutapa tchipisi. Ndinaima pamenepo, n'kumuuza kuti ndimangodutsa. Ndinabwerera pamakina n'kulira, nsalu ya kasitomala ili pamiyendo.

Lamulungu lina tinapita ku Misa awiriwiri. Tchalitchi chinali kutsidya la kamtsinje kena komwe kamathira mu Nasolo, ndipo tinkawolokera pakaulalo ka matabwa. Tili mkati mwa Misa kunagwa chimvula choti ulaliki sunamveke chifukwa cha phokoso la malata. Pobwerera tinapeza kaulalo kaja kapita. Madzi anali ofiira, akukokolola majumbo ndi zinyalala za Ndirande yense. Tinadikira pamodzi ndi anthu ena mpaka anaphwa kufika m'mawondo, ndipo abambo anayamba kuwolotsa okalamba powabereka kumsana. Wina anabwera kwa amayi n'kuwapatsa msana.

"Ine mwamuna wa eniake sandibereka," anatero amayi.

Kuzungulira kukadzera kumsewu kunali kutali, ndipo iwo anali atafooka kale, akunjenjemera ndi kuzizira. Ndinavula nsapato n'kuzimangirira m'chitenje, ndinakwinya diresi, ndinagwada patsogolo pawo.

"Kwerani."

"Iwe ungagwe nane. Ulibe mphamvu."

"Amayi, anthu akutiyang'ana. Kwerani, tikagwa tigwera limodzi."

Anazengereza, kenako ndinamva manja awo pakhosi panga. Nditaimirira ndinadzidzimuka. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinalowa m'madzi ndikufufuza miyala ndi zala za kumapazi, madzi akundikankha m'miyendo, iwo atandikakamira. Kumbuyo ndinamva mayi wina wa ku limana akuti, "Mugwireni, agwa uyo." Sindinagwe. Ndinawoloka.

Titafika kutsidya amayi anati ndiwatsitse. Sindinawatsitse. Sindikudziwa chomwe chinandigwira, mwina ndi mkwiyo wa miyezi yonse ija. Ndinawakweza bwino kumsana n'kuyamba chitunda cha kwathu, chamatope, choterera, chomwe ngakhale anyamata amakwera atagwira m'mawondo. Ndinadutsa pampopi, ndinadutsa pa okazinga chimanga, anthu akutuluka m'makonde kudzaona. Poyamba amayi ankandimenya paphewa kuti ndikuwachititsa manyazi. Kenako anasiya. Ndinamva atagoneka khutu pamsana panga, ndipo ndinadziwa kuti akumvetsera chifuwa changa. Ndinawalola amvetsere. Ndinkapuma mwamphamvu ngati munthu aliyense wonyamula katundu pachitunda, koma mpweya unkalowa n'kutuluka bwinobwino, wopanda kulira, wopanda kukhosomola.

Tili pakati pa chitunda anayankhula, pakamwa pali pamsana panga pomwepo.

"Mkulu wako ndinkamubereka ndine. Popita kuchimbudzi, popita kukaothera dzuwa. Mkazi wamkulu, wa ana ake, ndinkamubereka ine."

"Ndikudziwa, amayi."

"Sankatha kunyamula ngakhale kapu ya madzi."

Kenako msana wanga unayamba kugwedezeka, ndipo ndinamva kutentha kukudutsa diresi lonyowa lija. Amayi ankalira. Analira mokweza, akutchula dzina la mkulu wanga, maliro omwe sanalire tsiku lomuika. Anthu m'njira anatipatukira. Ine sindinawatonthoze ndipo sindinaime. Nanenso misozi inkatsika, koma manja anali otanganidwa, ndinangoisiya. Ndinakwera nawo mpaka pakhomo, n'kuwatsitsa pakhonde.

Anakhala pamenepo nthawi yaitali, akupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Amuna anga anatuluka, anationa tili matope okhaokha, n'kubwerera m'nyumba osafunsa kanthu. Ine ndinaima chiimire, ndikudikira kuti amayi anena chiyani.

Anandiyang'ana kuchokera pansi, maso ali psuu.

"Ndili ndi njala," anatero. "Phika zako zomwezo, tidye. Ndipo mawa undiperekeze kudepoti, anzanga amaliza kubzala."